Vinyo Akusasa Musanamalize Botolo: Chikumuwononga N'chiyani, Nanga Mutani?

Dandaulo lake limakhala lofanana kulikonse. Botolo linatsekulidwa Lachisanu, vinyo anali wokoma, koma pofika Lachitatu wasukuluka, fungo la zipatso lija latha, ndipo pammero akukanda ngati viniga. Ena amafulumira kunena kuti anawagulitsa vinyo wachinyengo. Kawirikawiri si choncho. Vinyo amene anakoma tsiku loyamba anali wabwinobwino. Wawonongekera m'nyumba, ndipo zomuwononga ndi ziwiri, mpweya ndi kutentha. Zilipo zolakwika zina zimene vinyo amabwera nazo kuchokera kumene anapangidwa, ndipo zimenezo tizifika. Koma mabotolo ambiri amene amathera m'sinki akanapulumuka mwini wake akanangotseka msanga n'kuika pozizira.

Zimene zimachitika chotsekera chikachoka

Mu mpweya umene timapumawu, magawo 21 pa 100 alionse ndi okosijeni. Mukangotsanula tambula yoyamba, malo amene vinyo wasiya m'botolo amadzaza ndi mpweyawo, ndipo wina umalowerera mu vinyo mwenimwenimo pamene akukhavuka potsanula. Maola oyamba zimenezi zimathandiza. Vinyo wofiira amene sanakhalitse m'botolo amafewa, fungo lake limatuluka bwino, n'chifukwa chake ena amaona kuti botolo lakoma kwambiri tsiku lachiwiri kusiyana ndi loyamba. Vuto ndi lakuti okosijeni saima pamene inu mwakondwera. Amapitiriza mpaka gawo lina la alcohol lisanduke mankhwala otchedwa acetaldehyde, amene amanunkha ngati apozi wotekedzeka amene wayamba kuda. Mtundu nawonso umasintha: vinyo woyera amayamba chikasu chodera kenako bulauni, wofiira amataya kuwala kwake n'kutenga mtundu wa njerwa, makamaka m'mphepete mukapendeketsa tambula.

Opanga vinyo amathiramo sulphur dioxide pang'ono kuti amuteteze. Ndi amene amanenedwa pa chipepala cha botolo palembedwa kuti "contains sulphites". Chitetezo chimenechi chili ndi malire ake: mpweya ukamalowa chimatha pang'onopang'ono, ndipo chikatha vinyo amawonongeka mwachangu. Vinyo amene anapangidwa ndi sulphur wochepa kwambiri kapena wopanda sulphur wowonjezera, musamuwerengere masiku ofanana ndi anzake. Ambiri otere amasintha pakangopita tsiku limodzi kapena awiri.

Kusasa kwenikweni, kumene kumabweretsa fungo la viniga, ndi ntchito ya mabakiteriya otchedwa Acetobacter. Louis Pasteur wa ku France anaonetsa m'zaka za m'ma 1860 kuti tizilombo tosaoneka ndi maso ndi timene timasandutsa vinyo kukhala viniga, ndipo kuti titero timafunika mpweya. Pamene tizilomboti tikugwira ntchito pamatulukanso fungo lina lakuthwa, ngati la mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo. Mukalimva limenelo, vinyoyo sabwereranso mwakale.

Zonsezi zimathamanga kukatentha. Akatswiri amati kusintha kwa mtundu umenewu kumayenda pafupifupi kawiri liwiro lake kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Mufiriji mumakhala madigiri 3 mpaka 5, pamene pa tebulo m'chipinda chofunda pamafika 25 kapena kuposa. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Botolo lotsekula: zochita usiku womwewo

Tsekani mukangotsanula, osati podikira kuti alendo apite. Botolo limene lakhala kukamwa pa tebulo maola anayi lataya kale gawo lina la masiku ake. Ngati chotsekera ndi cork, chija chopangidwa ndi khungwa la mtengo, bwezerani mbali yomwe inali mkati, ija yothimbirira ndi vinyo. Imavuta kulowa chifukwa imakhala itafufuma, ndipo ambiri amangotembenuza kuti alowetse mbali yakunja, koma yakunjayo yakhala zaka ikugwira fumbi, nthawi zina ngakhale nkhungu. Cork ikakana, kutirani pakamwa pa botolo ndi pulasitiki n'kumanga ndi lamba wa labala.

Kenako mufiriji, ngakhale vinyo wofiira. Pano ndiimapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri anamva kuti vinyo wofiira salowa mufiriji ndipo amagwiritsitsa mawuwo ngati lamulo. Mawuwo amanena za kamwedwe, kuti vinyo wofiira akazizira kwambiri sanunkhira ndipo amamveka waukali m'kamwa. Sakunena za kasungidwe. Kuzizira sikumuwononga, kumangomugonetsa. Mawa lake mutulutseni mphindi 30 musanamwe, kapena tsanulani m'tambula n'kuifumbata ndi manja pang'ono. Vinyo wofiira amakoma pa madigiri 15 mpaka 18, kutanthauza kuti ngakhale pomwa, m'nyumba zambiri amakhala wafunda kuposa mmene afunikira. Musamutenthetse pafupi ndi moto kapena pa dzuwa kuti afulumire.

Botolo lotsekula liziima, lisagone. Likagona, vinyo amayala m'litali mwa botolo ndipo malo okhudzana ndi mpweya amakula, komanso chotsekera chobwezera chija chimatha kudontha.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kuposa zida zonse zogula ndi ya botolo laling'ono. Botolo la nthawi zonse limakhala la 750 ml, pafupifupi matambula asanu. Mukamwa theka, theka linalo ndi mpweya wokhawokha, ndipo kutseka kumangotsekera mdaniyo mkati. Sungani botolo loyera la 375 ml, kapena lililonse laling'ono lagalasi lotsekeka bwino, lochapidwa n'kuuma, lopanda fungo la zimene munali kale. Mukadziwa kuti simumaliza, thirani vinyo m'menemo mukangotsekula, musanamwe n'komwe, mudzaze mpaka m'khosi, mutseke, muike mufiriji. Thirani pang'onopang'ono motsatira khoma la botolo kuti asachite thovu. Vinyo wosungidwa chonchi amatha kufika sabata akadali wabwino, nthawi zina kupitirira.

Zida zogula zilipo. Kapampu kokoka mpweya kamathandiza pang'ono, koma sikachotsa mpweya wonse, ndipo umene unalowerera kale mu vinyo sikaufikira. Ndi chowonjezera pa firiji, osati cholowa m'malo mwake. Mpweya wa argon wopopera m'botolo umagwira bwino ntchito chifukwa ndi wolemera kuposa mpweya wamba ndipo susintha vinyo. Palinso chida cha Coravin, chimene chimaboola cork ndi singano yopyapyala, n'kutulutsa vinyo kwinaku chikulowetsa argon, cork n'kudzitsekanso yokha singano ikatuluka. Chimenecho n'cha munthu amene ali ndi mabotolo apadera amene akufuna kumalawa kwa miyezi. Pa vinyo wa masiku onse, botolo laling'ono ndi firiji n'zokwanira.

Nanga ndi masiku angati?

Kwa botolo lotsekedwa bwino limene lili mufiriji, vinyo woyera ndi wa rosé (wa pinki) amakhala masiku 3 mpaka 5. Amene ali wowawasa mwachibadwa, monga Riesling kapena Sauvignon Blanc, amapirira kuposa Chardonnay wolemera amene anakhala m'migolo ya mtengo. Wofiira nayenso ndi masiku 3 mpaka 5, koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa mitundu. Cabernet Sauvignon ndi Syrah ali ndi tannin wambiri, wochokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, uja amene amachititsa m'kamwa kumva ngati mwauma, ndipo tannin ameneyu amalimbana ndi okosijeni. Pinot Noir ndi wopepuka, ndipo pofika tsiku lachitatu amakhala atayamba kale kufooka. Vinyo wotsekemera kwambiri amatha kupitirira sabata.

Vinyo wakale kwambiri, amene wakhala m'botolo zaka khumi kapena makumi awiri, musamusungire mawa. Mphamvu zolimbana ndi mpweya anazimaliza ali m'botolo, ndipo ena otere amasukuluka pakangopita maola ochepa.

Masiku amenewa amadaliranso kuti mwatsala wochuluka bwanji. Botolo limene mwangochotsamo tambula imodzi lidzafika tsiku lachisanu bwinobwino. Limene mwatsala tambula imodzi pansi silidzafika. Choncho musawerenge masiku okha ayi. Nunkhizani, lawani pang'ono, ndipo mphuno yanu ndi imene igamule.

Shampeni watha thovu

Apa vuto loyamba si okosijeni koma kuthawa kwa carbon dioxide, mpweya umene umapanga thovu. M'botolo la shampeni losatsekula mumakhala mphamvu ya mpweya yokwana 5 mpaka 6 atmospheres, kuposa kawiri ya m'tayala la galimoto, ndipo chotsekera chikachoka mpweyawo umayamba kutuluka nthawi yomweyo. Umatuluka msanga vinyo akafunda, chifukwa madzi ozizira ndi amene amasunga bwino mpweya umenewu. Ndiye botolo lisakhale pa tebulo pakati pa matambula; libwerere mufiriji kapena m'ndowa ya madzi oundana.

Kuika supuni m'khosi mwa botolo sikuthandiza kalikonse. Amene amaona ngati kunathandiza, inawathandiza ndi firiji. Chofunika ndi chotsekera chapadera chokhala ndi zogwirira pakhosi la botolo, ndipo nacho vinyoyo amasunga thovu tsiku limodzi mpaka atatu. Shampeni ndi Cava, amene thovu lawo limapangika mwa kuwira kachiwiri m'botolo momwemo, kawirikawiri amapirira kuposa Prosecco, amene amawirira m'thanki. Kapampu kokoka mpweya kaja musakayandikize n'komwe pa vinyo wa thovu, chifukwa kamakoka thovu lomwelo. Ndipo musakakamize cork ya botolo lina m'khosi la shampeni. Mphamvu ya mkati imatha kuifwamphula.

Vinyo wa m'bokosi ndi wowonjezeredwa ukali

Vinyo wa m'bokosi anthu amamupeputsa, koma pa nkhani yosunga amapambana botolo. Thomas Angove wa ku South Australia ndi amene analembetsa nzeru imeneyi mu 1965. Mkati muli thumba limene limafwata vinyo akamatuluka, kotero mpweya sulowa kudzatenga malo ake. Bokosi lotsekula limakhala milungu 4 mpaka 6, makamaka mufiriji. Koma lili ndi mbali ina: thumbalo limalowetsa mpweya pang'onopang'ono ngakhale lisanatsekulidwe, ndiye bokosi si losunga zaka. Yang'anani tsiku lolembedwa pa katoni.

Vinyo wowonjezeredwa ukali, amene alcohol wake amafika magawo 15 mpaka 22 pa 100, amasokoneza ambiri chifukwa amaoneka ngati sangawonongeke. Amasiyanasiyana kwambiri. Port wa tawny, wochokera ku chigwa cha Douro ku Portugal, anakumana kale ndi mpweya kwa zaka ali m'migolo, ndipo akatsekulidwa amakhala mwezi kapena iwiri pozizira. Wa ruby ndi milungu ingapo. Koma vintage port wakale ali ngati vinyo wofiira wakale aliyense, masiku awiri kapena atatu basi. Sherry wa ku Jerez ku Spain nayenso ali pawiri: fino ndi manzanilla ndi osachedwa kusukuluka, amafuna firiji ndipo asapitirire sabata, pamene oloroso amakhala milungu yambiri. Vermouth ndi vinyo, ngakhale ambiri amamuika pa shelefu pamodzi ndi mowa waukali kwa chaka chathunthu. Malo ake ndi mufiriji, mwezi umodzi kapena iwiri.

Madeira yekha ndi amene saopa kanthu. Pa chilumba cha Madeira amamutenthetsa dala, wina m'mathanki pa madigiri pafupifupi 45 mpaka 50 kwa miyezi itatu, wina m'migolo m'zipinda zofunda kwa zaka. Zimene zimapha vinyo wina iye anadutsamo kale, ndipo botolo lotsekula limakhala miyezi yambiri osasintha.

Botolo silinatsekulidwe, koma vinyo ndi woipa

Ngati vinyo ali wosukuluka tsiku lomwe mwatsekula, yang'anani pamene munamusunga. Malo amene anthu amakonda kuikapo mabotolo ndi amene ali oipitsitsa: pamwamba pa firiji, pamene pamafunda ndi kunjenjemera, pafupi ndi mbaula, pa windo, kapena m'kabati yoyandikana ndi denga. Galimoto yoimikidwa pa dzuwa imatha kuwononga botolo masana amodzi okha.

Zizindikiro zake zimaoneka musanatsekule. Vinyo akatentha amafufuma, n'kukankha cork kuti itukuke pang'ono pamwamba pa kukamwa kwa botolo, kapena amadutsa m'mbali mwake n'kusiya khosi lomata ndi mzere wouma pa chipepala. Akazizira amabwerera, ndipo pobwererapo amakoka mpweya kulowa mkati. N'chifukwa chake kusinthasintha kwa kutentha, masana kotentha usiku kozizira, n'koipa kwambiri. Pomulawa amamveka ngati zipatso zophika, wopanda moyo. Wotere palibe chomubwezera.

Kutentha kwabwino kosungira ndi madigiri 12 kapena 13, ndipo pakati pa 10 ndi 15 palibe vuto. Ambiri tilibe chipinda chotero, ndipo sindikufuna kuti wina ataye mtima. Vinyo wambiri amene amagulitsidwa anapangidwa kuti amwedwe m'zaka zochepa zoyamba, osati kusungidwa zaka khumi, ndipo kumusunga sikumuwonjezera kukoma. Pa miyezi yochepa, pansi pa kabati ya m'chipinda chamkati, kutali ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa, ndi pabwino. Malo amene amakhala pa madigiri 18 osasintha ndi abwino kuposa amene amayenda pakati pa 10 ndi 28. Ngati kulibiretu malo ozizira, gulani ochepa, mumwe msanga, ndipo amene akudikira akhale mufiriji. Kwa milungu ingapo firiji siwononga botolo losatsekula. Kwa miyezi yambiri mpweya wouma wa m'menemo umaumitsa cork. Mufiriza musaiwalemo botolo: vinyo amaundana akafika madigiri angapo pansi pa 0, amafufuma, n'kukankha chotsekera kapena kuswa galasi.

Kuwala nakonso kumawononga, ndipo ambiri sakuganizira. Dzuwa kapena nyale zowala kwambiri zimayambitsa kusintha kumene kumatulutsa fungo ngati la kabichi wophika kapena ubweya wonyowa. Ovutika kwambiri ndi vinyo woyera, wa rosé ndi wa thovu amene ali m'mabotolo oonekera mkati. Galasi lobiriwira limateteza pang'ono, labulauni limateteza kwambiri. Kusiya botolo m'katoni yake kapena kulikulunga ndi nsalu kumathetsa vutoli. Pogula, botolo loonekera limene lakhala kutsogolo pansi pa nyale lisiyeni, mutenge la kumbuyo.

Za kugoneka mabotolo, zimakhudza okhawo a cork yeniyeni, imene imachokera ku khungwa la mtengo wa Quercus suber umene umalimidwa kwambiri ku Portugal. Mukamasunga miyezi yambiri agonekeni, pamalo a chinyezi pang'ono, cha m'ma 60 mpaka 70 pa 100. A chivindikiro chachitsulo chopotokola akhoza kuima.

Pamene cholakwa si chanu

Mwasunga bwino, cork ikuoneka yabwino, koma vinyo akununkha ngati katoni yonyowa kapena chipinda cha nkhungu, ndipo zipatso sizikumveka. Ameneyo ndi TCA, mankhwala amene amapangika nkhungu zina zikakumana ndi chlorine, kawirikawiri mu cork momwemo. Akatswiri a ku Switzerland anamuzindikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuti ndiye gwero la fungoli. Mphuno ya munthu imamumva ngakhale ali wochepetsetsa. Sadwalitsa, koma satha. Vinyo akakhala pa mpweya fungolo limangokula. Musataye. Bwezerani chotsekera, mubweze botolo kumene munagula, pakuti ogulitsa ambiri amalidziwa vutoli.

Fungo la mazira owola kapena la machesi ongoyatsidwa kumene pamene mwangotsekula ndi nkhani ina. Limabwera vinyo akasowa mpweya ali m'botolo, ndipo nthawi zambiri limatha. Tsanulirani mu jagi yoyera, mutakase pozunguza, mudikire mphindi 20 kapena 30. Pano mpweya ndiwo mankhwala. Likakana kuchoka, bwezani.

Vinyo amene sayenera kukhala ndi thovu akamachita thovu, ali wodera ndiponso akununkha yisiti, ndiye kuti wayambiranso kuwira m'botolo. Koma ena, monga Vinho Verde wa ku Portugal, amakhala ndi tithovu pang'ono mwadala.

Zina zimaopsa maso chabe. Timibulu tonyezimira pansi pa botolo kapena pa cork si magalasi osweka. Ndi mchere wa tartaric acid, asidi wachibadwa wa m'mphesa, umene umaundana vinyo akazizira. Nsenga za pansi pa vinyo wofiira wakale ndi tannin ndi utoto zimene zadikha: imikani botolo tsiku limodzi kapena awiri, mutsanule mosamala, zotsalira pansi muzisiye. Nkhungu pamwamba pa cork, kunja, pukutani ndi nsalu musanatsekule. Cork ikanyenyeka n'kugwera mkati, sefani vinyoyo pa kansalu koyera.

Kodi vinyo wowonongeka amadwalitsa?

Vinyo amene wasukuluka kapena kusasa ndi woipa pakamwa, koma asidi ndi alcohol zimene zili m'menemo sizilola kuti tizilombo toyambitsa matenda tichulukane mosavuta. Kulawa pang'ono kuti mudziwe mmene alili sikungakuvulazeni. Koma ngati pamwamba pa vinyo payandama nkhungu, kapena botolo linakhala kukamwa moti munalowa tizilombo touluka, tayani.

Amene wangofooka koma sanayambe fungo la viniga akadali wabwino pophikira. Mukadziwa kuti simumwa wotsalayo, musadikire kuti awonongeke: thirani m'timathireyi topangira madzi oundana, muike mufiriza, akaundana muike timibuluto m'thumba lotsekeka. Amakhala miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mumangotenga timibulu tiwiri kapena titatu pamene mphika ukufuna. Wa fungo la katoni yonyowa musaphikire, chifukwa fungolo limatha kutsalira m'chakudya. Ndipo tsiku limene mwatsekula botolo, lembani detiyo pa chipepala chake ndi cholembera, chifukwa pakapita masiku anayi m'nyumba simupezeka amene akukumbukira ngati linali Lachisanu kapena Lamlungu.